Chiwongolero cha Boti la a Zuze

Nkhani iyi ndaimvapo ikukambidwa kumsika itakula kale, ili ndi moto woyenda pamwamba pa madzi ndi mawu oimba nyimbo za maliro. Zimenezo kunalibe. Ine ndinali m'botimo, kunja kukuwala, ndipo ndinena zokhazo zimene ndinaona ndi kumva.

Chipatala cha mishoni cha kwathu kuno ku chigwa cha Shire chili ndi boti lokatenga odwala kumidzi ya m'dambo, kumene kulibe msewu. Woyendetsa wake ndi a Zuze Tchale, bambo wosalankhulalankhula, amene timitsinje tonse ta m'bangomo amatidziwa ngati njira za pakhomo pake. Madzi osefukira a chaka chimenecho ataphwa, botilo linayamba khalidwe lachilendo. Likuyenda bwinobwino pakati pa mtsinje, linkangokhota lokha n'kukalowa m'bango. Ulendo woyamba anthu anaseka. Ulendo wachiwiri munali mayi wodwala, ndipo namwino amene ankamugwirira anagwa n'kuthyoka dzino. Apo kuseka kunatha. Kunayamba manong'onong'o akuti a Zuze ayamba kachasu.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ndinali m'komiti ya chipatalacho. Mayi Chapinga, oyang'anira chipatala, anandiitana mu ofesi yawo.

"Aphunzitsi, ndaitana makaniko, a Faera, adzaone chiwongolero. Koma a Faera anakwatira mlongo wawo wa a Zuze, ndiye mawu awo okha komiti siiwakhulupirira. Mupite nawo inu. Vuto likapezeka m'boti, tikonza boti. Likapanda kupezeka, ndiye kuti vuto ndi munthu, ndipo Lolemba a Zuze apereke makiyi."

A Zuze anali ndi ana kusekondale komanso mayi awo okalamba pakhomo, ndipo munda wawo unali utakwiririka ndi mchenga. Tonse tinkadziwa kuti makiyi amenewo ndiwo anali chakudya cha banja lonselo.

Tinakumana pa doko Loweruka m'mawa, nkhungu isanachoke pamadzi. A Faera anafika pa njinga yamoto, bokosi la zitsulo litamangidwa kumbuyo. Anali munthu wamfupi, wamawu ambiri.

"Alamu!" anakuwa asanatsike n'komwe. "Mlongo wanu wandiuza kuti mukachotsedwa ntchito ine ndikagone kukhola la mbuzi. Ndiye boti lanuli lidwale lisadwale, lero lipezeka ndi matenda."

"Samalani pakamwa, alamu, pali aphunzitsi apa," anatero a Zuze osaseka.

"Aphunzitsi akudziwa kuti ndikucheza. Ine pa ntchito sindinamiza munthu, n'chifukwa chake ndilibe nyumba ya malata."

Chiwongolero cha botilo n'cha haidiroliki, ndiye kuti chimayendera oilo. A Faera anandifotokozera akumasula zinthu. Kuseri kwa chiwongolero kuli kapampu. Kuchokera pamenepo mapaipi awiri amadutsa pansi pa mabenchi mpaka kumbuyo, kumene kuli silinda, chitsulo chokankha injini kuti iyang'ane kumanja kapena kumanzere. Munthu akazunguliza chiwongolero, oilo amakankha silinda, injini n'kutembenuka. Oilo akachepa kapena m'mapaipi mukalowa mpweya, chiwongolero chimafewa, chimangozungulira osagwira kanthu.

"Koma mvetsani ichi, aphunzitsi," anatero akugogoda kapampuko ndi sipanala. "Muno muli timavavu totseka njira. Oilo amayenda pokhapokha dzanja likazunguliza apa. Madzi awombe injini, mvuu iikankhe, injini siisuntha. Ndiye munthu akandiuza kuti boti lakhota lokha, ine ndimayamba ndamununkhiza mkamwa."

Anatsegula kachitseko ka pamwamba pa pampu. Oilo anali wodzaza, woyera, wopanda madzi. Anakwawa pansi pa mabenchi akusisita mapaipi ndi nsanza, nati iliyonse akuiyesa. Panalibe podontha. Anakoka injini ndi manja onse awiri, koma siinagwedezeke. Nkhope yawo inayamba kugwa, pakuti chilichonse chimene ankachipeza chili bwino chinali kuwachotsa ntchito alamu awo.

Potuluka pansi pa mabenchi, anadzigwira kumsana.

"Alamu, mumatsuka boti m'mawa muno?"

"Ayi."

"Nanga mabenchiwa anyowa bwanji?"

Ndinayang'ana. Botilo lili ndi denga la lona, ndipo mvula inali itasiya kalekale. Komabe pa benchi la kumbuyo ndi lapakati panali malo onyowa, apa ndi apo, otalikirana. Ndinati mwina ndi mame. A Zuze anatenga nsanza n'kupukuta mosafulumira. Panali kafungo ka matope a pansi pa mtsinje.

"Titulutse mpweya basi," anatero a Faera. "Mwina wabisala penapake."

Ntchito imeneyi n'ja anthu awiri. Wina amakhala kutsogolo akuzunguliza chiwongolero ndi kuthira oilo kuti asachepe. Wina amagwada kumbuyo pa silinda, atalumikiza kapaipi koonekera mkati kolowa m'botolo, n'kumasula kanati kuti oilo atuluke pamodzi ndi thovu. Wakumbuyoyo sayang'ana mnzake, maso ake amakhala pa kapaipi. Amangofuula.

"Kumanja, alamu! Pang'onopang'ono, si mtondo umenewo!"

A Zuze anazunguliza. Oilo anayenda m'kapaipimo, wopanda thovu ngakhale limodzi.

"Basi, imani."

A Zuze anasiya, n'kutembenuka kuti atenge chigubu cha oilo chimene chinali pa doko.

"Ndati imani! Mukufuna muumitse pampu? Makutu munasiya kunyumba?"

"Ndaima kale," anayankha a Zuze.

A Faera anadzutsa mutu. A Zuze anali ndi mwendo umodzi pa doko, chigubu chili m'manja onse awiri. Sindinena kuti ndinaona chiwongolero chikuzungulira, chifukwa maso anga sanali pamenepo. Chimene ndinaona ndi oilo akuyendabe m'kapaipi, mosalekeza, ngati pali dzanja lodekha limene likumukankha. A Faera anamanga kanati msangamsanga. Anakhala chogwada kanthawi, kenaka anaseka kuseka kouma.

"Ndi mphamvu yotsalira m'mapaipi. Zimachitika. Tiyeni tikaliyese pamadzi."

Tinanyamuka nkhungu itayamba kuchepa. Titayenda pang'ono, tinaona mayi ataima pa gombe ndi mwana kumsana, dengu lili pansi, akutikodola. A Zuze sakonda kusiya munthu pa gombe, choncho anayandikira. Mayiyo ananyamula dengu, anaponda m'madzi, n'kugwira m'mphepete mwa boti. Kenaka anayang'ana mkati, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo anachotsa dzanja lake.

"Pitani, bambo. Ndidikira bwato."

"Kwerani mayi, n'zaulere," anatero a Faera.

"Zikomo. Koma ndikhala pati ndi denguli?"

Tinalimo atatu m'boti lonyamula anthu oposa khumi. Mayiyo anabwerera pamtunda chafutambuyo, akuphimba mutu wa mwana ndi nsalu. Patapita kanthawi a Faera anati, "Sunthani, alamu, ndiligwire ndekha."

Analiyendetsa bwino. Anakhotera uku ndi uku, akuliyesa mwadala, ndipo chiwongolero chinali cholimba. Anayamba kuimba mluzu. Tinali kuyandikira pamene kamtsinje kena kamapatukira kumanzere kulowa m'bango, mluzu uja utaduka. Ndinaona manja awo akuzunguliza chiwongolero kumanja, kumanjabe, chikungopita ngati gudumu la njinga yopachikidwa. Ndinacheuka kumbuyo. Injini inali kutembenukira kumanzere, pang'onopang'ono, mosagwedezeka.

A Faera anazimitsa injini. Boti linayandama n'kukaima m'namasupuni, mphuno yake italoza m'kamtsinje kaja. Kunali zii. Ngakhale mbalame za m'bango sizinkamveka. Benchi la kumbuyo linalira kamodzi, monga limalirira thabwa munthu akamasintha kakhalidwe.

A Faera anatsegula pampu. Oilo anali wodzaza. Anagwira chiwongolero, ndipo chinali chitalimbanso.

"Alamu," anatero mawu atatsika, "ine zitsulo ndimazidziwa. Izi si zitsulo. Nenani zimene mukudziwa."

A Zuze anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Nthawi ya madzi ija, boti ili silinanyamule odwala okha. Tinkatola anthu m'mitengo, m'bango, pena pa madenga. Amoyo ndi omwalira. Omwalirawo tinkabwera nawo ku doko la chipatala, chifukwa manda a kumidzi yawo anali pansi pa madzi. Anaikidwa ku mtunda kuja, kuseri kwa tchalitchi."

"Zimenezo tikudziwa," ndinatero.

"Inu aphunzitsi mwaperekezapo maliro kangati? Pokweza bokosi m'galimoto, wachibale amayandikira n'kunena kuti, uje, tikunyamuka, tikupita kwakuti. Pofika amanenanso kuti tafika, tsikani. Ndi mwambo wa tonse, a mpingo ndi akunja omwe. Koma masiku amenewo kunalibe wachibale. Amene ankanyamula anali anyamata othandiza ochokera ku tauni, atavala magolovesi, mvula ikugwa, ena akutikuwira kuti tibwerere msanga. Matupi anatsitsidwa. Eni ake a matupiwo palibe anawauza kuti atsike."

"Inu simunawauze bwanji?" anafunsa a Faera.

"Ndine ndani wawo ine? Ndinkati ndi ntchito ya abale. Pambuyo pake ndinayesa pa doko, ndili ndekha. Palibe chinasintha. Pa doko la chipatala si kwawo kwa munthu."

"Ndiye bwanji osawauza Mayi Chapinga?"

"Kuti atani? Munthu akuganiziridwa kale za kachasu, abwere ndi nkhani yotere?"

A Faera anapukuta manja ndi nsanza nthawi yaitali, ngakhale kuti sanali akuda.

"Kamtsinje aka kakupita kuti?"

"Kwa Semba. Tinatengako mayi wina, Marita. Tinamupeza atakolekera mu mtengo wa mango."

"Lizani injini," anatero a Faera. "Chiwongolero musachigwire."

Ine ndinafuna kutsutsa, koma sindinapeze chifukwa chomveka. Tinali titatumidwa kudzaona chimene boti limachita, ndipo njira yoonera inali yomweyo.

A Zuze analiza injini n'kuisiya pa liwiro lochepa, manja atawapinda pachifuwa. Kamtsinjeko n'kopapatiza ndiponso kokhotakhota, bango likukhudza denga mbali zonse. Boti linadutsa makhoti onsewo osagunda paliponse. Pena panali chitsa chobisika chimene a Zuze okha ankachidziwa, ndipo ndinawaona akutambasula dzanja, koma boti linachilambalala lisanagwidwe. Ndinakhala pa benchi la kutsogolo. Sindinacheuke kawirikawiri.

Kwa Semba anthu anali atabwerera, akumanga zisakasa pamene panali nyumba. Agalu anathamangira ku gombe akuuwa, koma atafika pafupi anangoima, michira ili pansi. A Zuze anatuma munthu kuti akaitane m'bale wake wa Marita. Anabwera mchimwene wake, a Jofesi, ali ndi matope m'miyendo ndi khasu paphewa. A Zuze anawatengera pambali n'kulankhula nawo motsitsa mawu. Ndinkayembekeza kuti akwiya kapena atiseka. Iwo anangotula khasu, anasamba m'manja mu mtsinje, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Anagwira m'mphepete mwa boti, akuyang'ana mabenchi opanda munthu.

"Achemwali," anatero, "ndine Jofesi. Mwafika, ndi kwanu kuno. Tsikani. Ana ali kwa ine, akudya. Mbuzi zija zinapita ndi madzi, musazifunefune." Anaima kaye, n'kupukuta mphuno ndi dzanja. "Inunso kuchedwa simunasiye ayi."

Boti linapendekera ku gombe, n'kubwerera. Pamadzi panalibe mphepo, ndipo tonse atatu tinali chikhalire. Ndayendapo m'maboti kokwanira kudziwa mmene limachitira munthu akatsika. Agalu anapatukana, ena uku ena uku, kusiya mpata pakati. A Jofesi anatola khasu lawo n'kuyamba kukwera mtunda, osathamanga, akuyenda m'mphepete mwa njira.

Tinaganiza kuti zatha. A Zuze anagwira chiwongolero, chinawamvera, ndipo tinatuluka m'bango. A Faera anatsegula fulasiki ya tiyi n'kunena kuti mlamu wawo akanakhala kondakitala wa minibasi bwenzi atachotsedwa tsiku loyamba, poyenda miyezi ndi anthu osawafunsa kotsikira. A Zuze anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Tiyi asanathe m'kapu, chiwongolero chinafewanso.

Tinayenda motero mpaka dzuwa kupendeka. Sindifotokoza malo onse. Pena tinkapeza abale, pena ayi. Mudzi wina unali utatheratu, kutangotsala chulu ndi mitengo iwiri ya mgwalangwa. Pamenepo a Zuze analankhula okha, atagwira chipewa, akupepesa kuti si iwo oyenera. Boti linapendekera, n'kubwerera. Tikuti tizinyamuka, linapendekeranso, pang'ono kwambiri, monga limachitira akatsika mwana. A Faera anatembenukira kumbali n'kuyamba kulongedza masipanala amene anali olongedza kale.

Pobwerera boti linkathamanga mopepuka, ndipo mabenchi anali ataumiratu, kupatula pakona ya benchi la kumbuyo. Denga la chipatala linali litayamba kuonekera patali. Tili pakati penipeni pa Shire, pamene palibe kamtsinje kalikonse kopatuka, manja a a Zuze anapitanso mwaulere pa chiwongolero.

Injini inatembenukira kumanzere. Inaima. Inatembenukira kumanja, n'kubwereranso. Boti linayamba kuzungulira pamalo amodzi, mphuno yake ikuloza gombe ili, kenaka ilo, kenaka kumtunda kumene madzi amachokera.

"Awa ndi a kuti?" anafunsa a Faera monong'ona.

"Sindikudziwa," anatero a Zuze. "Tinamutola pompano, akuyandama. Bambo wamtali. Anabwera ndi madzi kuchokera kumtunda. Anthu a midzi yonse anadzamuona, palibe anamuzindikira. Ena ankati ndi wa kutsidya kwa malire."

"Muuzeni atsike basi."

"Atsikire pati, alamu? M'madzi?"

Tinadikira. Boti linazungulirabe kanthawi, kenaka injini inawongoka yokha n'kukhala chete pakati. A Zuze anagwira chiwongolero, ndipo chinali cholimba. Tinafika pa doko popanda china chochitika.

Mayi Chapinga anali akutidikira pa khonde la ofesi. A Faera sanachite nthabwala.

"Mayi, oilo ali bwino, mapaipi ali bwino, silinda ili bwino. Koma chiwongolero chandikana ine ndemwe, manja anga ali pomwepo, ndipo ine mowa ndinasiya mwana wanga woyamba asanabadwe. Vuto lili m'boti. Lambiri latha lero. Latsalalo sindingalichotse."

"Aphunzitsi?"

Ndinawauza zonse mwa ndondomeko yake, osawonjezera. Ndinanenanso kuti tsiku lonse a Zuze sanamwe china koma tiyi. Mayi Chapinga ndi munthu wophunzira, ndipo ndinkaganiza kuti andifunsa ngati nanenso ndayamba kachasu. Iwo anangoyang'ana ku doko. Ndi iwo amene ankalandira matupi masiku a madzi aja.

"Ndi uja tinamuika kumapeto kwa mzere wa manda?" anafunsa.

"Yemweyo, mayi," anatero a Zuze.

"Odwala angayende bwino m'botimo?"

"Enawo ankakakamira chifukwa ankaona njira ya kwawo. Uyu sakakamira. Amangofuna kuyang'ana."

Mayi Chapinga anapuma mozama.

"Komiti ndiiuza zimene a Faera anena, kuti vuto lili m'boti. Zinazo zitsale pakhonde pano. Makiyi sungani, a Zuze. Lolemba kuli sikelo ya ana kwa Bande, munyamuke m'mawa."

Patapita miyezi, chipatala chinagula pampu yatsopano, mapaipi atsopano ndi silinda yatsopano, ndipo a Faera anamanga zonsezo ndi manja awo. Ine ndawerengapo za timavavu totha ndi za mpweya wobisala m'makona a mapaipi, ndipo sindikana kuti zinthu zotere zimachitika. Ndikungonena kuti zitsulo zonse zinasinthidwa, koma nthawi zina pakati pa mtsinje chiwongolero chimafewabe kwa kamphindi.

A Zuze akuyendetsabe botilo, ndipo silinalowenso m'bango. Anamwino atsopano amadandaula kuti ulendo umatalika, chifukwa pa kamtsinje kalikonse kamene sanalowemo, ngakhale kakang'ono bwanji, a Zuze amachepetsa liwiro n'kuchotsa manja pa chiwongolero. Amadikira pang'ono, maso ali kutsogolo. Boti likapanda kukhota, amagwiranso n'kunena motsitsa mawu kuti, "Si pano. Tiyeni tione kutsogoloku."